Robin Hood: Ulendo wa Cithunzithunzi ca Malupanga

Masiku ano mwana wa ku Chongwe angathe kuona nkhondo ya malupanga ali khale pa mphasa m'nyumba ya amace, pa wailesi ya kanema kapena pa foni ya m'manja. Agogo a mwanayo sanali ndi mwai wotere. Iwo pofuna kuona cithunzithunzi ankayembekeza galimoto ya Boma, kapena ankacipeza ku Migodi atapita kukagwira nchito, ndipo cimene ankaonaco cinali citayamba capita m'manja mwa anthu ena, amene anadulako mbali zimene anati sizoyenera maso a munthu wakuda. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yace. Kuti tiilondole bwino titsata cithunzithunzi cimodzi cochuka, The Adventures of Robin Hood, cimene cinapangidwa ku Amereka m'caka ca 1938. Tiona kumene nkhani yace inacokera, umo cinapangidwira, ndi njira imene zithunzi zotere zinadzera kufikira zitalowa m'nyumba zathu.

Zithunzi za malupanga

Zithunzithunzi zili ndi mitundu monga momwe nthano zilili ndi mitundu. Mtundu umene tikunena pano udziwika ndi zinthu zitatu: mwamuna wolimba mtima ndi wanthabwala, lupanga m'dzanja lace, ndi mkulu wina wankhanza amene wakhala pa mpando wosati wace. Nkhani zace zimakhala za masiku akale, pamene munthu ankamenyana ndi mdani wace maso ndi maso. Ngwaziyo imalumpha makoma, imalendewera pa cingwe, ndipo imaseka ngakhale adani ataizinga mbali zonse.

Amene anakuza mtundu umenewu ndiye Douglas Fairbanks. M'caka ca 1920 anasewera The Mark of Zorro, nkhani ya munthu wobisa nkhope amene alanga akulu ozunza anthu osauka, ndipo m'caka ca 1922 anasewera Robin Hood. Zithunzi za nthawi imeneyo zinali zosalankhula, cotero wosewera ankanena zonse ndi thupi lace. Zithunzi zolankhula zitayamba m'caka ca 1927, kampani ya Warner Bros. inapeza mnyamata wina, Errol Flynn, wobadwira ku Hobart pa cisumbu ca Tasmania m'caka ca 1909. Anamuyesa m'cithunzi ca acifwamba a pa nyanja, Captain Blood, m'caka ca 1935, ndipo anthu anamkonda. Cifukwa cace pamene James Cagney, amene anayamba wasankhidwa kukhala Robin Hood, anayambana ndi eni kampani, malo ace anapatsidwa kwa Flynn.

Nkhani imene cithunzico cinena

Richard, mfumu ya ku Mangalande, pobwerera ku nkhondo ya ku Dziko Lopatulika agwidwa ndi Leopold wa ku Austria. Mng'ono wace, John, atsala ndi dziko, ndipo akweza msonkho ponama kuti ndalamazo nzoombolera mfumu, pamene mtima wace uli pa mpando. Olemera a pfuko la Norman adya ndi kukhuta. Anthu wamba a pfuko la Saxon alandidwa ng'ombe ndi dzinthu, ndipo wokana amangidwa kapena kupacikidwa. Tsiku lina mlenje wosauka apha nyama m'nkhalango ya mfumu cifukwa ca njala, mlandu umene cilango cace ndi imfa. Robin amlanditsa, asenza nyamayo pa mapewa, nalowa nayo m'nyumba ya phwando ku Nottingham, naiponya pa gome pamaso pa John.

Kucokera pamenepo Robin akhala wothawa m'nkhalango ya Sherwood. Asonkhanitsa anzace, monga Little John ndi wansembe wonenepa Friar Tuck, nalanda cuma ca msonkho, nagawira osauka, cina nasungira dipo la mfumu. Adani amchera msampha wa mpikisano wa uta, podziwa kuti katswiri sangathe kukhala kutali atamva za mubvi wagolidi. Robin apambana pong'amba pakati mubvi wa mnzace umene unali utalasa kale pakati peni peni. Agwidwa, koma Marian, namwali wa ku nyumba ya mfumu, athandiza kumpulumutsa. Potsiriza Richard abwera mobisika atabvala ngati wansembe, ndipo Robin amenyana ndi Sir Guy wa ku Gisbourne pa makwerero a nyumba ya miyala, zithunzithunzi zao za mdima zikubvina pa cipupa. Lupanga la Sir Guy litagwa, Robin amkankhira nalo ndi phazi kuti alitole, pakuti safuna kupha munthu wa manja okha.

Umo anacipangira

Nchitoyi inadya ndalama pafupifupi madola 2,000,000, ndipo cithunzico cimatha mphindi 102. Anayamba kuciyang'anira ndi William Keighley, koma eni kampani poona kuti nkhondo zace zinali zofooka anaika Michael Curtiz, wa ku Hungary, kuti atsirize. Nkhalango imene tiiona si ya ku Mangalande iai. Ndi ya ku Chico m'dziko la California. Mibvi inali yeniyeni. Katswiri wa uta, Howard Hill, ankalasa amuna obvala citsulo ndi thabwa lofewa m'kati mwa malaya. Nkhondo za malupanga anaziphunzitsa Fred Cavens, kusuntha kuli konse kowerengedwa monga mapazi a gule. Ndipo Basil Rathbone, amene agonja m'cithunzimo, ndiye anali wodziwa lupanga koposa Flynn.

Nyimbo anazipeka Erich Wolfgang Korngold, Myuda wokhala ku Vienna. Iye anapita ku Amereka kukacita nchito imeneyi kuciyambi kwa 1938, ndipo m'mwezi wa March caka comweco Hitler analanda Austria, katundu wa Korngold nalandidwa. Cotero nchito ya nthano inamcotsa m'kamwa mwa mkango weniweni. Cithunzico cinalandira mphoto zitatu za Academy Award, ina mwa izo cifukwa ca nyimbo zace.

Cinthu cina ciyenera kufotokozedwa, pakuti ndico cinacititsa kuti cithunzici cikhalebe cokongola. Cinajambulidwa m'njira ya Technicolor. M'kati mwa kamera munali galasi logawa kuwala, ndipo kuwalako kunkagwera pa malamba atatu a filimu, wina wosunga zofiira, wina zobiriwira, wina zabuluu. Malamba atatuwo analibe utoto, anali a zoyera ndi zakuda cabe. Utoto ankauika pambuyo posindikiza. Utoto umasuluka ndi zaka, koma zoyera ndi zakuda zimakhalitsa. Ndico cifukwa cace patapita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi amisiri anatha kutenga malamba aja, kuwalinganiza ndi kompyuta, ndi kubweza maonekedwe a poyamba.

Baisikopo m'dziko lathu

Tsono tibwere kwathu. Baisikopo inafika ku Migodi m'caka ca 1928, ndipo m'zaka zotsatira eni migodi anazolowera kuonetsa zithunzi m'makomboni, pa bwalo, usiku. Amishoni ndi akulu a maphunziro anaona kuti cinthu ici cili ndi mphamvu, nafuna kucigwira pa nyanga. Kuyambira 1935 kufikira 1937 kunali nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inapanga zithunzi 35 ku Tanganyika ndi kuyenda nazo pa galimoto kufikira kuno ndi ku Nyasaland. Zithunzizo zinali zophunzitsa zaulimi, ukhondo, kusunga ndalama ku positi ndi kupereka msonkho. Mmodzi wa atsogoleri ace, Geoffrey Latham, anali atakhalapo mkulu wa maphunziro a anthu akuda mu Northern Rhodesia. M'masiku ace ndimo munayamba sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene m'caka ca 1939 inasamukira ku Chalimbana, m'dziko la Asoli. Maganizo a sukuluyo ndi a zithunzizo anali amodzi: kuti munthu wa kumudzi aphunzitsidwe kukonza mudzi wace, ndi kukhala komweko.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse Boma linayamba kutumiza magalimoto a kanema ku maboma ndi ku midzi, kuti anthu aone za asilikali ao amene anali kutali. Galimotoyo inkanyamula makina a magetsi ndi nsalu yoyera, ndipo munthu wina ankamasulira m'cinenero ca eni dziko. M'caka ca 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lace ku Salisbury, yopangira zithunzi maiko atatu. Cimodzi ca zithunzi zace, Mulenga Goes to Town, cinali ca mnyamata wa kumudzi amene apita ku tauni nakapusitsidwa, nabwerera kwao manja ali m'khosi. Phunziro lace linali losabisika.

Komatu anthu anali ndi kukonda kwao. Mai wina wophunzira wa ku Amereka, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954 napenyetsetsa oonerera. Anapeza kuti cimene cinkadzaza bwalo ndi zithunzi za anyamata a pa akavalo, ndi kuti ngwazi iri yonse ya zithunzizo anthu ankaichula Jack. Iwo sankamva bwino Cingelezi ca Amereka, ndipo phokoso la pa bwalo linkaphimba mau. Koma ankapfuula, kuimirira, kulangiza Jack ndi kumcenjeza za mdani wobwera kumbuyo. Nkhani yosoweka ankaiika okha. Anyamata a pa akavalo ndi amuna a malupanga ndi ana a mimba imodzi: onse awiri alankhula ndi thupi, ndipo munthu safunika kudziwa cinenero kuti aone amene ali wolungama ndi amene ali wacinyengo.

Lumo la Boma

M'caka ca 1937 Boma la Northern Rhodesia linaika bungwe loyesa zithunzi zoonetsa anthu akuda. Mzungu ankaona cithunzi cathunthu. Wakuda ankaona cotsala. Mwa zimene malamulo a bungwelo analetsa munali akazi osabvala mokwanira, kukumbatirana kwa nthawi yaitali, kuba kapena kupha kumene munthu angakumvetse msanga, anthu obisa nkhope, ndiponso Azungu ogwidwa ndi kumangidwa ndi eni dziko, ngakhale eni dzikowo akhale Amwenye ofiira a ku Amereka. Tayesani nokha ndi muyeso umenewu: Zorro abisa nkhope kuyambira poyamba kufikira potsiriza, ndipo nchito ya Robin Hood ndi kulanda cuma ca Boma pa mseu. Lumo likapita pa zithunzi zotere, cotsala ndi akavalo othamanga ndi anthu omenyana popanda cifukwa. Pambuyo pace akulu omwewo ankanena kuti munthu wakuda satha kutsata nkhani, kuiwala kuti nkhaniyo anaidula ndi iwo eni.

Cifukwa cimene ankapereka cinali cakuti anthu athu sadziwa kusiyanitsa cithunzi ndi zoona, ndipo adzatsanza zimene aona. Mau amenewa sangaime. Anthu amene analeredwa ndi nthano za Kalulu adziwa kuyambira ubwana kuti nthano ndi nthano. Palibe mwana anapita kukamanga Njobvu ndi cingwe cifukwa agogo ace anamsimbira kuti Kalulu anatero. Koma mwana yemweyo amamva bwino lomwe cimene nthanoyo itanthauza, kuti wamng'ono wocenjera angathe kugwetsa wamkulu wodzikuza. Kumva kumeneko ndiko kunali koopsa kwa olamula.

Ndipo nkhani ya msonkho ndi nkhalango sinali yacilendo kuno. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka zoyamba za ulamuliro wa British South Africa Company, ndipo ndiwo unacotsa amuna m'midzi kunka ku mapulazi ndi ku migodi. Njanji itafika pa Lusaka m'caka ca 1905, minda yabwino ya m'mbali mwace inapimidwa kukhala mapulazi a Azungu, ndipo Asoli anapanikizidwira m'malo oikidwa ndi Boma. M'caka ca 1935 likulu linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka, pa nthaka ya Asoli. M'mwezi wa May caka comweco anchito a ku Migodi ananyanyala nchito atamva kuti msonkho wa m'matauni wakwera, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera, anthu 6 nafa. Izi zinacitika zaka zitatu Flynn asanabvale malaya obiriwira. Anthu otere sanafunike cithunzi kuti ciwaphunzitse kuwawa kwa msonkho.

Kucoka pa bwalo kulowa m'nyumba

Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe m'caka ca 1961, ndipo inafika ku Lusaka dziko litalandira ufulu wa pa 24 October 1964. Komabe woonerera ankalandira cimene a ku nyumba ya mphepo amsankhira, pa ora limene iwo afuna. Kusintha kwakukulu kunadza ndi kaseti ya vidiyo ya VHS, imene kampani ya JVC ya ku Japan inatulutsa m'caka ca 1976. Cithunzithunzi cinasanduka katundu woti munthu agule, abwereke, aimitse ndi kubwereza. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 m'makomboni ndi pa misika munabuka tinyumba ta vidiyo, m'mene ana ankalipira pang'ono kuti aone karate ndi nkhondo za mfuti. Cimbale ca DVD cinatuluka m'caka ca 1996, ndipo pambuyo pace intaneti ndi foni zinatsiriza ulendowo.

Cithunzi ca Robin Hood cinayenda njira yomweyi. M'caka ca 1995 nyumba ya mabuku ya Boma la Amereka, Library of Congress, inaciika m'kaundula wa zithunzi zoyenera kusungidwa. M'caka ca 2003 cinatuluka pa DVD citakonzedwa kucokera ku malamba atatu aja, ndipo m'caka ca 2008 pa Blu-ray. Errol Flynn anamwalira m'caka ca 1959 ali ndi zaka 50, koma pa cimbalepo akali mnyamata wolumpha makoma, ndipo palibe bungwe limene liima pakati pa iye ndi woonerera wa ku Chongwe.

Cithunzi ndi mbiri yeniyeni

Popeza lumo la Boma linacoka, nchito yoyesa yatsalira woonerera mwini. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere; cotero tiung'ambe mkuyuwo. Dzina la Robin Hood lipezeka m'buku la Piers Plowman la ca m'ma 1377, zaka pafupifupi 180 Richard atamwalira. M'nkhani zakale koposa Robin ndi munthu wamba, Marian mulibe, ndipo mfumu yochulidwa ndi Edward. Udani wa Saxon ndi Norman anaukuza ndi mlembi Walter Scott m'buku lace Ivanhoe la 1819. Richard weniweni analamula kuyambira 1189 kufikira 1199, koma m'zaka khumi zimenezo anakhala ku Mangalande miyezi isanu ndi umodzi yokha. Anagwidwadi m'caka ca 1192, ndipo pomuombola anthu anakhometsedwa gawo limodzi la magawo anai a zopeza zao. Msonkho wolemera sunali wa John yekha. Unali wa mfumu yomwe cithunzi ciichula mpulumutsi.

Nanga cinacepetsa nkhanza ya mafumu a ku Mangalande nciani? Sikunali kubwera kwa mfumu yabwino. M'caka ca 1215 akulu a dziko anakakamiza John, amene tsopano anali mfumu, kubvomereza cikalata ca Magna Carta, coika malire pa mphamvu zace. M'caka ca 1217 kunatuluka cikalata cina ca za nkhalango, cimene cinacotsa cilango ca imfa ndi kudula ziwalo pa mlandu wopha nyama ya mfumu, ndi kubwezera anthu ufulu wotola nkhuni ndi kudyetsa ziweto. Cithunzi citha ndi lupanga ndi ukwati, pakuti anthu okhala pa gome kukangana za mau sakoma kuwaonerera. Koma m'mbiri yeniyeni mau olembedwawo ndiwo anakhalitsa.

Kwathu kunonso kunali cimodzimodzi. Amene anayamba kufunsa Boma za msonkho ndi za nthaka anali aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki a m'mabungwe a ubwino wa anthu. Mabungwewo anagwirizana m'caka ca 1946 motsogozedwa ndi Dauti Yamba, ndipo m'caka ca 1948 anasanduka Congress, imene Harry Nkumbula anaitsogolera kuyambira 1951. Zida zao zinali misonkhano, makalata ndi kunyanyala, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndipo Chongwe ili ndi nkhani yaceyace ya nkhalango. Kum'mawa kwa Lusaka kuli nkhalango ya nambala 27, kumene kuli akasupe a mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe. Inaikidwa pansi pa citetezo m'caka ca 1957, nicotsedwamo m'caka ca 1983. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo ataona madzi akucepa analemba dandaulo lao, ndipo m'caka ca 1996 Boma linabweza citetezoco. Kuyambira 2017 mbali zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo mlandu wace unafika ku makhoti. Onani kutembenuka kwa zinthu: ku Sherwood anthu wamba ankalira cifukwa nkhalango inatsekedwa kuti akulu asakemo nyama, ku Chalimbana analira kuti itsekedwe, kuti onse amwe madzi. Funso lace ndi limodzi, lakuti nkhalango ipindulira yani.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu

Cithunzi ici cioneni mukacipeza, ndipo kondwerani naco, pakuti amisiri ace anadziwa nchito yao. Mulinso zinthu zoyenera kutola: munthu amene alankhula zoona pamaso pa wamkulu, ndi amene akana kukantha mdani wopanda cida. Koma mukatha kuona, citani cimene oyesa a 1937 anati simungathe: siyanitsani. Funsani kuti anacipanga ndani, m'caka citi, ndipo anasiya ciani. Ambiri a inu mudzakhala m'maofesi a Boma, m'masukulu, m'makoparetivu ndi m'mabwalo a mafumu, kumene msonkho ulembedwa ndi nthaka ipimidwa. Kumeneko lisiti lolembedwa moona, ndi dandaulo la mudzi lofikitsidwa kwa mwini wace osasocera m'kabati, zidzateteza wosauka koposa uta ndi mibvi.